Mfuti za mu Left 4 Dead 2 zilipodi kapena anangojambula? Mafunso amene mafana amandibowa nawo pa shopu

Ndili ndi kashopu ka magemu kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road, makompyuta anayi a kaunjika olumikizana ndi waya, ndipo ukachotsa mpira gemu imene imadya ndalama za mafana kwambiri ndi Left 4 Dead 2. Vuto lake magetsi akangoti thii anthu sapita kwawo, amakhala pa benchi panja nkumakangana za mfuti, wina akuti AK imatenga zipolopolo 40 chifukwa waona mu gemu, wina akuti ayi achimwene ake ndi msilikali ku Senga Bay anamuuza zina, mapeto ake onse amatembenukira kwa ine ngati ndinapitako ku nkhondo. Sindinapiteko aise. Ndimangokonda kuwerenga, komanso ndili ndi amalume anga amene anapuma usilikali, amabwera pa shopu kudzatchaja foni nkumaseka zimene akuona pa sikirini. Nde ndati ndingolemba kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Gemu yake ndi yotani kwa ife amene sitinaisewerepo?

Inatuluka mu November 2009, anapanga ndi a Valve a ku America, omwe aja a gemu ina ya mfuti yotchedwa Counter-Strike. Yoyamba yake, Left 4 Dead, inatuluka 2008. Mumakhala anthu anayi, Coach, Ellis, Nick ndi Rochelle, mwatsalira mu mzinda wa Savannah ku Georgia matenda atagwa, ndipo ulendo wake ndi wokafika ku New Orleans komwe mwamva kuti asilikali akupulumutsako anthu. Mseu wonse ndi mazombi okhaokha. Simupikisana, mumathandizana, wina akagwa mumamudzutsa, akavulala mumamumanga mabandeji. Basi.

Nde mfuti zake zilipodi?

Pafupifupi zonse zilipo. Thupi lake, maonekedwe, pomwe pamalowa magazini, zimenezo anakopera ku mfuti zenizeni ndipo munthu wozidziwa amazizindikira akangoona. Koma manambala ndi awoawo a Valve. Kuchuluka kwa zipolopolo, mmene imawombera, mphamvu yake, apo ndi pomwe pali bodza, ndipo si bodza la umbuli ayi, anachita dala. Mukagwira mfundo imeneyi mafunso ena onse ali mmusimu ndi ongotsatira.

Bwanji samangozitchula maina ake enieni? Ina amangoti Combat Rifle, ina Hunting Rifle

Maina ngati Glock, Benelli kapena Ruger ndi a makampani amene alipo ndipo ali ndi maloya awo. Kuika dzina la kampani mu gemu yogulitsa ndi nkhani ya chilolezo ndi ndalama, nde opanga magemu ambiri amangotenga maonekedwe nkupereka dzina lina. Chachiwiri, munthu ukuthamangitsidwa ndi gulu la mazombi ulibe nthawi yowerenga kuti Benelli M4 Super 90, ukufuna udziwe kuti iyi ndi shotigani, ndiitenge kapena ndiisiye.

AK-47 imatengadi zipolopolo 40?

Ili ndi funso limene linayambitsa zonsezi. Magazini wamba wa AK amatenga 30. Alipo a 40, koma amenewo anapangira RPK, mchimwene wake wa mpope wautali, ngakhale amakwananso pa AK. Mu gemu akupatsani 40, koma kamagazini kamene kakuoneka pa sikirini ndi kaja kokhota ka masiku onse.

Mfutiyi anaipanga Mikhail Kalashnikov ku Soviet Union, 47 ija ndi chaka cha 1947, asilikali a kumeneko anailandira mu 1949. Mu 1959 kunabwera ina yopepukirapo yotchedwa AKM, ndipo zambiri zimene anthu amaziloza nkumati AK-47 kwenikweni ndi AKM kapena zokopera za maiko ena ngati Type 56 ya ku China. Chipolopolo chake ndi 7.62x39. Ukakanikiza osasiya imalavula pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza kuti 30 zija zimatha mu masekondi atatu, atatu okha man, usanamalize kukuwa komwe. Amalume atamuona mfana wina atakanikiza mbewa ya kompyuta osachotsa chala kuyambira pa khomo mpaka pa geti anangoti, iwe ukanakhala pa tireningi bwenzi pano ukukwawa m'matope.

China chimene mafana saganizira ndi kulemera. Gemu imakupatsa zipolopolo 360 zapadera. Chimodzi cha AK chimalemera pafupifupi magalamu 16, nde 360 ndi makilogalamu pafupifupi 6, osawerengera zitsulo za magazini 12 zoti uziikemo. Koma Rochelle akuthamanga nazo atangovala tisheti ndi jinzi, chikwama alibe, akudumpha mipanda ngati sananyamule kanthu kkkk.

Ifeyo AK timaidziwa osati chifukwa cha magemu. Ili pa mbendera ya aneba athu a ku Mozambique, yapingasana ndi khasu pamwamba pa buku. Nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni anathawira kuno kwathu, ndipo nkhondo itatha mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu wamba nkumadutsa malire. Akuluakulu amene anaona zaka za m'ma 1990 akamva liwu loti AK samaganiza za gemu, amakumbuka mbava za mfuti zothyola magolosale usiku. Nchifukwa chake mayi wina amene amagulitsa mandasi pafupi ndi shopu anandiuza kuti ndizitsitsa voliyumu, phokoso lake silimamusangalatsa. Ndinatsitsa, ndinagula mahedifoni.

Nanga pakati pa AK ndi M16 yabwino ndi iti?

Mu gemu AK imamenya kwambiri, chipolopolo chimodzi chimachotsa 58 pa moyo wa zombi pomwe cha M16 chimachotsa 33, koma AK imamwaza, ukamawombera ukuthamanga zimangopita kumitengo. Uzigwada kaye, uziwombera ziwiri zitatu nkusiya. M16 ndi yofatsa, imatenga 50, imalowa magazini msanga, ndi yabwino kwa wongoyamba kumene.

Zenizeni zake, M16 inachokera ku AR-15 ya Eugene Stoner, a Colt anagula pulani, asilikali a America anapita nayo ku Vietnam. Chipolopolo ndi chaching'ono, 5.56, chothamanga kwambiri. Magazini oyamba ankatenga 20, kenako 30, za 50 zo ndi za Valve. Komanso imene anajambula mu gemu ikuoneka ngati M16A2, ndipo M16A2 yeniyeni siwombera mosalekeza, imatulutsa chimodzi kapena zitatu pa kukoka kamodzi, anachita kuiletsa dala chifukwa asilikali ankamwaza zipolopolo pachabe. Mu gemu anaichotsa buleki imeneyo. Bill wa mu gemu yoyamba uja, mdala wa ndudu pakamwa, ndi msilikali wakale wa ku Vietnam nde pazithunzi amamupatsa M16, apo anaganiza bwino.

Ija ya mtundu wa mchenga yowombera tatu tatu ndi mfuti yanji?

FN SCAR ya ku Belgium, kampani ya FN Herstal, anaipangira asilikali apadera a America m'ma 2000 momu. Nde taonani zosekesa: M16A2 imene imawombera zitatu zitatu anaipanga yosalekeza, SCAR imene siwombera zitatu zitatu ndi imene anaipatsa khalidwe limenelo. Anangosinthanitsa. Magazini ake enieni 30, mu gemu 60. Ine sindiikonda, imatenga chaka kulowetsa magazini, koma pali mfana wina wa Fomu 3 amathyola nayo ma Smoker, mazombi a lilime lalitali lokokera anthu, ali padenga kutali uko, nde mwina vuto ndi ineyo.

Ya sailensa ija imathandiza kuti mazombi asakumve?

Ayi. Ndanena kambirimbiri koma anthu safuna kumva. Mu gemu imeneyi chimene chimaitana gulu ndi alamu ya galimoto, masanzi a zombi wonenepa wotchedwa Boomer, malo aja okakamiza kuyatsa chinthu chaphokoso, kapena Director mwini wake, pulogalamu imene imayang'ana mmene mukuyendera nkumakutumizirani mavuto ikaona kuti mwamasuka. Sailensa sikusintha chilichonse pamenepo. Kusiyana kwake nkwakuti imamenya kwambiri pafupi, 25 pomwe inzake ndi 20, koma patali imamwaza.

Mfuti yake ndi MAC-10 ya Gordon Ingram, ya 1964, kabokosi kachitsulo kolavula zoposa 1,000 pa mphindi. Yeniyeni ankaigulitsadi ndi chimpope chochepetsa phokoso, chimene chinkathandizanso kuti dzanja lina lipeze pogwira poti kamfuti kake nkakafupi. Koma musanamizidwe ndi mafilimu a mu vidiyo sho, sailensa sizimitsa phokoso mpaka kufika poti fyuu ngati mphaka wayetsemula, imangochepetsa, munthu ali pafupi amamva bwinobwino.

Inzake yopanda sailensa ndi Uzi ya ku Israel, dzina linachokera kwa Uziel Gal amene anaipanga, inayamba ntchito m'ma 1950. Magazini amalowera pa chogwirira, maganizo ake anali oti ngakhale mu mdima dzanja limapeza dzanja linzake. Imatenga 25 kapena 32. Mu gemu zonse ziwiri ndi 50, ndi zapadera 650.

Mapistoli aja bwanji zipolopolo sizitha?

Chifukwa akanati zizitha gemu ikanafa. Ukagwetsedwa pansi, ukudikira anzako adzakudzutse, chimene umatsala nacho ndi pistoli, nde anafuna kuti munthu asakhale chimanjamanja. Palibe pistoli yotero padziko lapansi, zimenezo nde musafunsenso.

Koma pali kanthu kena kamene ambiri sakaona. Mu Left 4 Dead 2 ukatola pistoli yachiwiri, yang'anitsitsa, si mapasa. Ya kumanja ndi SIG Sauer P220, imene asilikali a ku Switzerland anailandira mu 1975, ya kumanzere ndi Glock ya ku Austria, ya Gaston Glock, munthu amene asanayambe mfuti ankapanga zinthu ngati timitengo ta makatani ndi mipeni. P220 yeniyeni nthawi zambiri imatenga zosapitirira 9 kutengera chipolopolo chake, gemu yaipatsa 15. Glock 17 imatenga 17. Mu gemu yoyamba munali M1911 ya John Browning, ya zipolopolo 7, nayonso anaipatsa 15.

Za kuwombera ndi manja awiri, pistoli uku pistoli uku, amalume anaseka mpaka kutsokomola. Akuti maso ako ndi awiri koma amayang'ana malo amodzi, nanga magazini usintha ndi mano?

Magnum?

Desert Eagle, ya kampani ya Magnum Research ya ku America, kwa zaka zambiri ankaipangira ku Israel. Apa pokha Valve sinaname kwenikweni, mu gemu ndi 8 ndipo ya .44 Magnum imatengadi 8, ya .50 imatenga 7. Imalemera pafupifupi makilogalamu awiri, ngati mapaketi awiri a shuga m'dzanja limodzi, nchifukwa chake asilikali ndi apolisi sainyamula, ndi ya m'mafilimu ndi anthu okonda kuonetsa. Koma mu gemu mmm, imeneyi ndi mfumu. Zombi wamba chipolopolo chimodzi wagona, zipolopolo sizitha, ndipo ukagwa pansi uli nayo umadziteteza bwino. Ikangooneka patebulo ubale umatha pa shopu pano, anthu amatukwanizana chifukwa cha kamfuti kameneka.

Mashotigani alipo anayi, kusiyana kwake nchani?

Awiri ndi opopa, umawombera nkukoka chogwirira kutsogoloko kuti khakha, awiri ndi ongokoka chala. Opopawo amatenga 8. Yonyezimira ija ndi Remington 870 ya mtundu wa Marine Magnum, kunyezimirako si kukongoletsa, anaikuta kuti isachite dzimbiri pa madzi a mchere. Remington 870 inayamba 1950 ndipo zapangidwa zoposa 10 miliyoni, ku America ili ndi alenje, apolisi, alimi, aliyense. Mwa mfuti zonse za mu gemu, iyi ndi imene ikumveka kuti munthu angaipezedi m'nyumba ya munthu ku Georgia.

Ziwiri zinazo ndi za ku Italy. Yakuda yosalala ndi Benelli M4, imene asilikali a America amaitcha M1014, anaisankha mu 1999. Yooneka yolusa ija, yokhala ndi mabowo m'mbali, ndi Franchi SPAS-12 ya 1979, anasiya kuipanga mu 2000. SPAS yeniyeni ili ndi kabatani kosinthira, itha kukhala yopopa kapena yodziyendera yokha, chifukwa zipolopolo zina zofooka ngati za utsi wokhetsa misozi zilibe mphamvu yokankha makina. Zonse ziwiri mu gemu zimatenga 10, zenizeni 7 kapena 8.

Chimene anachita bwino ndi kalowetsedwe, chimodzi chimodzi ndi chala ngati zenizeni, ndipo utha kudukiza pakati nkuwombera zikakuvuta. Phunzirani kumadzaza nthawi iliyonse pakakhala phee, osadikira ithe.

Ntchito yeniyeni ya shotigani ndi Witch, zombi wamkazi wolira uja. Ukamudzidzimutsa amakugwetsa ndi kukanda kumodzi, pa Expert, levulo yovuta kwambiri, nde amakupheratu. Koma ukazimitsa tochi, nkumuyandikira mpaka kumununkhiza, nkumuthira zonse pamodzi, amagona pompo. Ukaphonya pang'ono anzako akakutola. Mu gawo la Hard Rain muli fakitale ya shuga yodzaza ndi ma Witch, akuti amakopeka ndi fungo la shuga, ndiye pali mnyamata wina kwawo ndi ku Dwangwa, akafika pa munda wa nzimbe uja amati anyamata nditsateni kuno nde kwathu, ndipo nthawi zonse ndi iyeyo amayamba kufa.

Za masinaipa bwanji? Ena amati nzopanda ntchito

Ya thabwa ija ndi Ruger Mini-14, ya 1973, mfuti ya alimi ndi alenje ku America, chipolopolo chake ndi chofanana kukula ndi cha M16. Dzinalo likutanthauza M14 yaing'ono. Mu gemu imatenga 15 ndipo imamenya 90, kuposa AK, zimene pa zenizeni sizingatheke poti chipolopolo chake nchocheperapo. Anangofuna kuti wowombera chimodzi chimodzi alipidwe.

Yakuda yaitali ya 30 ija ndi ya banja la G3 la Heckler & Koch ku Germany. G3 nde amalume amaidziwa ngati dzanja lawo, asilikali a maiko ambiri mu Africa muno, kuphatikizapo kwathu kuno, ainyamulapo. Imatenga 20, chipolopolo 7.62x51, chachitali kuposa cha AK, ndipo akuti imakankha phewa moti wongoyamba amadzuka ndi chotupa. Ataiona pa sikirini anakhala chete kaye, kenako anati iyi nde ndaidziwa, koma bwanji mwanayu akuigwira ngati ndodo ya mbusa.

Kuti nzopanda ntchito ndi bodza. Chipolopolo chake chimaboola mazombi angapo ali pa mzere, ndipo mnzako akakokedwa ndi lilime la Smoker kapena Jockey akamukwera pamutu nkumapita naye kutali, wa sinaipa ndi amene amamupulumutsa. Vuto ndi pamene anthu atatu onse atenga sinaipa. Mmodzi akwana.

M60 bwanji ikatha amangoitaya?

Anaibweretsa mu 2010 ndi gawo la The Passing, ili ndi 150, ikatha yatha, mulu wa zipolopolo suithandiza. Ndi njira yoti isalamulire gemu yonse, chifukwa zombi wamba imamudula ndi chimodzi. Yeniyeni ndi ya 1957, imadya lamba wa zipolopolo, imalemera makilogalamu oposa 10, asilikali ku Vietnam ankaitcha nkhumba, ndipo imayendera anthu awiri kapena atatu, wina wonyamula malamba ndi mpope wapadera poti ukatentha umafunika kusintha. Palibe msilikali angataye M60 mu ngalande chifukwa lamba watha, angakafotokoze bwanji kwa akuluakulu.

Malangizo anga, mukaipeza musaimalizire pa tizombi tiwiri toyenda tokha, sungirani Tank, chizombi chachikulu champhamvu kuposa onse. Tank pa Normal ali ndi moyo 4,000, pa Expert 8,000, ndipo njira yachidule ndi kumuyatsa ndi botolo la petulo kaye kenako nonse anayi kumuthira uku mukubwerera m'mbuyo. Chimfuti chomangirira pa chitsulo chimene mumachipeza malo ena omaliza chija ndi Browning M2, ya m'ma 1930 koma mpaka lero ikugwirabe ntchito. Musakakamire pamenepo, Tank akafika simungathawe nacho.

Ndinaona MP5 ndi AWP, zimenezi si za Counter-Strike?

Ndi zomwezo. Ku Germany gemuyi anaichepetsa magazi ndi ziwalo zoduka chifukwa cha malamulo a kumeneko, nde ngati chipepeso Valve inawaikira zida za mu Counter-Strike: MP5, SG 552, Scout, AWP ndi mpeni. Enafe tinalibe mpaka September 2020 pamene kunabwera zowonjezera zotchedwa The Last Stand. Ngati pa kompyuta yanu sizioneka ndiye kuti muli ndi yakale. Scout ndi AWP nzokoka ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse, ku Counter-Strike ndi mafumu koma kuno gulu likakuzinga uzingolira.

Nde ngati ankadziwa manambala enieni, ananamiranji?

Tawerengani nokha. Gulu limodzi likabwera ndi mazombi makumi angapo othamanga, ena kutsogolo ena kumbuyo ena akutsika padenga. Ndi magazini a 30 otha mu masekondi atatu bwenzi theka la gemu mukungosintha magazini. Anakweza manambala kuti nthawi yosinthayo izibwera mwa apo ndi apo, koma ikabwera izikupeza pa malo oipa, kuti ufune mnzako akutchinge. Nchifukwa chakenso mfuti iliyonse anaipatsa chilema: AK imamwaza, SCAR imachedwa, shotigani siifika patali, sinaipa imakutseka maso m'mbali. Ndipo Hunter akakukhalira pamimba, kapena Charger akakunyamula nkumakumenyetsa pansi, kaya uli ndi M60 yodzaza sungadzipulumutse wekha, mpaka wina abwere.

Palinso bodza lina laling'ono limene timalikonda tonse: ukasintha magazini muli zipolopolo 12, zimenezo sizitayika, zimabwerera mu thumba mwa matsenga. Komanso mulu umodzi wa zipolopolo patebulo umadyetsa AK, shotigani ndi Uzi nthawi imodzi ngati nsima ya pa maliro. Mfuti sizichita jamu, sizitentha, sizifuna mafuta, umadutsa nayo m'dambo la mu gawo la Swamp Fever madzi m'chiuno nkutuluka ikulira bwinobwino.

Mnzanga amangondiwombera kumsana, ndi gemu kapena ndi iyeyo?

Ndi iyeyo. Gemuyi zipolopolo za mnzako zimakupweteka, pa Easy ayi, pa Normal pang'ono, pa Expert shotigani imodzi ya kumsana wagona. Lamulo la pa shopu pano ndi loti wakutsogolo agwade, wakumbuyo aime, ndipo osadutsa kutsogolo kwa munthu amene akuwombera. Amalume akuti pa zonse za mu gemu ichi chokha ndi chimene chikufanana ndi zimene ankaphunzitsidwa. Amene wapha anzake kawiri pa Expert amagula mandasi a tebulo lonse, lamulo limeneli silinalembedwe koma limagwira ntchito kuposa ena olembedwa.

Chikwanje chija nde chathu eti?

Eya, chokhacho mu gemu yonse chimene aliyense pano anachigwirapo. Chimathamanga, sichitha, chimadula angapo kamodzi. Pali nkhwangwa, chiwaya, gitala, lupanga la ku Japan, ndodo ya kiriketi, koma chikwanje ndi nambala wani kwa ine. Mukafika gawo la The Parish muli mazombi ovala za apolisi olimbana ndi ziwawa, kutsogolo zipolopolo sizilowa, mukankheni atembenuke nkumumenya kumsana. Kuipa kwake ukatenga chikwanje wasiya Magnum, malo ake ndi amodzi.

Kodi ndikazolowera gemuyi ndingathe kuwombera mfuti yeniyeni?

Ayi mphwanga. Mbewa ya kompyuta siikukankha phewa, siikugonthetsa makutu, siilemera makilogalamu anayi. Ukudziwa kudina R, batani losinthira magazini, sukudziwa china chilichonse. Ndipo kuno si Georgia komwe mu gawo loyamba la Dead Center mumalowa mu shopu ya Whitaker nkusankha mfuti pa shelefu, malipiro ake nkukamutengera zakumwa ku golosale. Kwathu kuno mfuti imafuna chilolezo pansi pa Firearms Act, kudzera ku polisi, ndipo kupezeka nayo popanda pepala, kaya ndi gogodela wosula kumudzi kaya chipolopolo chimodzi chotola, ndi mlandu wokalowa nawo. Ofuna kunyamula mfuti mwalamulo njira mukuidziwa, MAFCO ili konkuno ku Salima, kapena ukhale mlonda wa nyama ku nkhalango ya Nkhotakota komwe anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Konseko amayamba nkukuthamangitsa mpaka usanze, mfuti imabwera pambuyo.

Ana a pulayimale sindiwalola gemu imeneyi, ndi ya akuluakulu, magazi ake ndi ambiri. Asewere mpira.

Agogo akuti mukusewera ndi ndondocha

Kkkk auzeni kuti ayi. Ndondocha mmene timamvera ndi munthu wophedwa m'matsenga nkumagwirira ntchito mwini wake mwakachetechete, kusenza matumba usiku. Awa alibe mwini, sagwira ntchito, ndipo si akufa nkomwe, nkhani ya gemu imati ndi anthu amoyo amene agwidwa ndi matenda otchedwa Green Flu, ofanana ndi chiwewe. Nchifukwa chake chipolopolo cha pachifuwa chimawagwetsa, sipafunika kulasa mutu wokha ngati m'mafilimu ena. Mukafuna kuwafotokozera agogo mungoti ndi anthu a chiwewe, amva msanga.

Kompyuta yanga ya kaunjika ikwanitsa?

Mwina ikwanitsa, gemu ya 2009 iyi. RAM ya 2GB imayenda, malo pafupifupi 13GB. Zanga zinayi nzakale zonse ndipo zimangolira fani mwezi wa October kukatentha kuno kunyanja, ndimaziikira fani ina yapanja. Simufunika intaneti kuti musewere anayi, waya ndi kaswitchi basi. Bandulo imapweteka potsitsa poyamba pokha.

Inuyo biggy mumatenga iti?

AK ndi chikwanje ngati tili ndi wa shotigani kutsogolo. Ngati palibe, ndimatenga Benelli ndi Magnum, Magnum ya patali shotigani ya pafupi. Koma kunena zoona nthawi zambiri ndimatenga imene yatsala, chifukwa ndikamafika patebulo mafana atatu aja amakhala atakokera kale zabwino zonse mpaka mabandeji anga omwe, ine ndimachedwa ndikupereka chenji kwa kasitomala wa fotokope. Loweruka lapitali tinafika pa mlatho womaliza wa The Parish pa Advanced, ndili ndi Uzi ndi chiwaya, helikopita ikuoneka apo, Tank ali kumbuyo, magetsi thii. Mawa tiyambiranso pa Dead Center, wa ku Dwangwa uja wanena kuti abwera ndi mbewa yakeyake poti akuti yanga ndi imene imamuphonyetsa.